Ikubwera Kuchokera ku Cuamba

Ana anga, Rozita ndi Mateyu, mwandifunsa kambirimbiri kuti bwanji munthu wopuma ntchito, maso akuchita kale chifunga, ndinatenga mphatso ya ndalama imene munanditumizira n'kukagula kamera m'malo mwa njinga yamoto ngati anzanga onse. Ndimangoseka n'kusintha nkhani. Lero ndilemba zonse, ndipo muwerenge mpaka kumapeto musanandiweruze, chifukwa nkhani ya kamera imeneyi inayamba inu musanabadwe. Mudziwanso chifukwa chake pamsika wa Mandimba amanditcha a Ikubwera, dzina limene mayi anu amadana nalo mpaka lero.

Mandimba, nkhondo itangotha

Ntchito yanga yoyamba inali ku ofesi yolembera anthu, kumene amapereka bilyeti, chiphaso cha boma chija. Anthu anali kubwerera kuchokera ku Malawi ndi mitolo pamutu, opanda kapepala kalikonse kosonyeza kuti ndi ana a dziko lino, ndipo aliyense ankafunika kachithunzi kakang'ono ka nkhope. Akuluakulu a ofesi atafunsa kuti ndani anagwirapo kamera, ine ndinakweza dzanja msangamsanga. Sindinanene bodza. Ndinagwirapodi kamera ya wansembe wina kumsasa wa othawa nkhondo, kungoti ndinkaigwira ili m'chikwama, ndikumunyamulira.

Mkulu wanga anali a Shefi Malunga, munthu wamfupi wa mawu aakulu, wosavula tayi ngakhale dzuwa liwotche chotani. Anandigwira bodza tsiku loyamba lomwelo, nditaika diso pa lenti, galasi la kutsogolo lija, m'malo moika pa kabowo ka kumbuyo. Anaseka mpaka kukhosomola, koma sanandichotse. "Iwe Fabiyamu," anatero, "ukudziwa kunama, ndiye m'boma ukhalitsa. Bwera ndikuphunzitse." Anandiphunzitsadi, ndipo pa zimenezi ndimawayamika. Kamera yathu inali yachitsulo, yolemera, ndipo m'kati mwake munali kakalilole kamene kankadumpha ukakanikiza batani, n'kumveka kuti khatcha! Xii, ana anga, tsiku limene ndinaliza khatcha wanga woyamba ndinayenda kubwerera kunyumba ngati ndapatsidwa chigawo chonse cha Niassa kuti ndilamulire.

Muyenera kumvetsa bwino za khatcha ameneyu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Munthu wa kwathu kuno akakhala pampando wojambulira amauma gwa, khosi chilili, maso tong'o, mpweya osapuma. Angakhale choncho ngakhale ntchentche imutere pamphuno. Amadikira chinthu chimodzi chokha. Akamva khatcha ndiye amatulutsa mpweya, n'kufunsa kuti, "Yatheka?" ndipo mzere wonse umaseka. Pepala la chithunzi linkabwera patapita milungu, nthawi zina miyezi, koma munthuyo ankachoka ali wokhutira, chifukwa anadzimvera yekha ndi makutu ake kuti wajambulidwa.

Ngauma, chilimwe chotsatira

Kenako anatituma ku Ngauma, kuti tizizungulira m'midzi anthu asamavutike kubwera ku boma. Tinkayenda pa njinga ziwiri, a Shefi patsogolo ndi tayi yawo, ine pambuyo ndi kamera, mpando wopinda ndi nsalu yoyera imene tinkamangirira pamtengo wa mango. Ntchito inali yokoma imeneyo! Tikafika pamudzi anthu ankatilandira ndi nthungululu, nkhuku zinkafa chifukwa cha ife, ndipo ine, mnyamata wa nsapato zong'ambika, ankanditcha a Foto. Vuto linali filimu. Inkachokera ku Cuamba, ndipo zithunzi zinkakatsukidwanso komweko. Galimoto ikachedwa, ife tinkangokhala ndi kamera yopanda kanthu m'mimba.

Tsiku lina, pamudzi wina kufupi ndi nyanja ya Amaramba, filimu inatha dzuwa lili pamutu. Ndinanong'oneza a Shefi, iwo n'kulengeza kuti otsala adzabwere mwezi wamawa. Anthu anadandaula, nabalalika. Koma panatsala awiri amene sanasunthe: mwamuna wamtali wovala mkanjo woyera ndi kofiya, ndi mtsikana wamanyazi wovala nsalu yatsopano, manja ojambulidwa maluwa. Mwamunayo anati dzina lake ndi Che Aubi, msodzi, ndipo mkazi wakeyo ndi Abiti Saidi. Anali atamanga ukwati dzulo lake, ndipo anadzuka m'bandakucha n'kuyenda wapansi mtunda wonsewo atamva kuti kwabwera kamera.

"Sitikufuna ya bilyeti, a bwana," anatero Che Aubi. "Tikufuna imodzi yokha, ya ife awiri, tili pamodzi."

Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, koma a Shefi anandiponda phazi. Anandikokera kuseri kwa nsalu. "Anthu ayenda kuyambira usiku, ukufuna abwerere akulira? Kanikiza. Akamva khatcha apita osangalala. Pepala adzaiwala." Ndinati, "A Shefi, mulibe filimu." Iwo anati, "Iwe ndi ine tikudziwa. Kamera sidziwa, ilira basi." Ndinali mwana pantchito, ndinkawaopa, ndiponso ndinene mosabisa, ndinaganiza kuti mwina akunena zanzeru. Ndinawakhazika awiriwo pampando umodzi, Che Aubi atakhala, Abiti ataima pambali dzanja paphewa pawo. Anauma gwa. Ndinayang'ana m'kabowo, ndipo mpaka lero ndimawaona mmene analili, okongola kwabasi. Ndinakanikiza. Khatcha! Abiti anatulutsa mpweya n'kuseka chobisa nkhope. Che Aubi anandigwira chanza ndi manja awiri, nandipatsa nsomba zouma zokulunga m'tsamba, n'kufunsa kuti foto idzafika liti. Ndinayankha kuti ikubwera kuchokera ku Cuamba.

Nsomba zija a Shefi anadya okha. Ine sindinazikhudze.

Mandimba, Cuamba, Etatara, ndi Mandimbanso

A Shefi analakwitsa chinthu chimodzi: Che Aubi sanaiwale. Patapita zaka zochepa anasiya kupalasa bwato nayamba kugulitsa nsomba zouma pamsika wa Mandimba, pakona yeniyeni ya njira yanga yopita kuntchito. Tsiku loyamba kundiona anaimirira ndi chimwemwe. "A Foto! Foto yathu ija?" Ine ndinayankha kuti, "Ikubwera, Che Aubi. Ikubwera kuchokera ku Cuamba." Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Anthu a pamsika anayamba kuyankha m'malo mwanga, onse pamodzi ngati kwaya ya kutchalitchi, mpaka dzina la a Foto linafa, n'kubadwa la a Ikubwera. Anandisamutsira ku Cuamba zaka zisanu, ndinapuma pang'ono, koma nditabwera kudzaona abale Che Aubi anati, "Tsopano poti mukukhala komweko, mwaiona?" Anandituma ku Etatara, kumene ndinadwala malungo kawiri ndipo iwe Rozita unabadwira. Nditabwerera ku Mandimba, funso linali pomwepo likundidikira.

Mufunsa kuti bwanji sindinangowajambula ina. Ndinayesa. Filimu itatha ntchito, ofesi itatipatsa kamera ya batire, ndinapita n'kunena kuti, "Che Aubi, bwanji tijambule yatsopano, ija ikuchedwa." Iwo anapukusa mutu. "Ayi, ife tinajambulitsa kale. Tikudikira yathu ija." Abiti nawonso ankakana ngakhale adzukulu akafuna kuwajambula ndi foni pamodzi ndi amuna awo. Ankati foto yawo ya awiri ilipo kale, ili m'njira. Kuti ndiwakakamize ndinayenera kuulula kuti tsiku lija kamera inalibe filimu, ndipo pakamwa panga pankalemera. A Shefi Malunga anamwalira, Mulungu awalandire, n'kundisiya ndekha ndi bodza lathu. Zaka makumi atatu, ana anga. Anthu ankayesa nthabwala, inenso ndinkaseka nawo, koma m'mawa uliwonse ndikadutsa pakona paja mumtima munkandiluma.

Chaka chimene ndinapuma ntchito

Nditapuma ndinabweza kamera ya ofesi, ndipo zinali bwino kuti ndinabweza, chifukwa maso anali atayamba kundinamiza. Diso lamanja, limene ndinadyera moyo wanga wonse, linayamba ng'ala. Manja nawo anayamba kunjenjemera, moti tiyi ndinkamwera m'kapu yosadzaza. Ndinadziuza kuti za zithunzi ndathana nazo.

Ndiye m'mwezi wa Ramadani, tsiku lina m'mawa, ndinadutsa pakona paja Che Aubi osandifunsa kanthu. Ndinaima. Ndinayesa mwina sanandione, ndinakhosomola. Anandikodola kuti ndikhale pabenchi. Anati Abiti akudwala, miyendo yatupa, mtima ukuvuta, ndipo Idi ikangodutsa mwana wawo wamkazi adzawatenga kupita nawo ku Nampula kuti akakhale pafupi ndi chipatala chachikulu. Iwo eni ake sangapite nawo, nyumba ya mkamwini ndi yaing'ono. "Kaya abwerako, kaya sabwerako, adziwa ndi Mulungu," anatero. Kenako anandiyang'ana m'maso, osaseka. "A Ikubwera, foto yathu ija, ngati ikubweradi, ibwere tsopano."

Kunali kutatsala milungu iwiri. Ndinafika kunyumba ndikuthamanga, ine amene dokotala anandiletsa kuthamanga, n'kuuza mayi anu kuti mawa tikukwera chapa, minibasi ija, ya ku Cuamba kukagula kamera. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bambo a Rozita, mukaona ndi maso a ndani?" Ndinati tikaonera komweko. Kunena zoona mtima unkagunda ngati wa mnyamata. Usadabwe Mateyu, kamera ya ine mwini ndinali ndisanakhalepo nayo chibadwire.

Cuamba, mu loja ya a Momade

A Momade ali ndi loja yogulitsa mafoni ndi kutsuka zithunzi, ndipo tinadziwana kale pamene ndinkagwira ntchito kumeneko. Ndinawapeza ali ndi makamera awiri okha, onse obwera pa sitima kuchokera ku Nampula, onse a mtundu wa masiku ano umene ulibe kakalilole m'kati. Anawaika pa tebulo, ine manja kuyabwa.

Yoyamba inali yakale, yogwirapo ntchito, utoto utayamba kusupuka m'makona. Koma inu, kukongola kwake! Yachitsulo, yozizira m'manja, ya timagudumu pamwamba tozungulitsa ndi chala monga ya a Shefi Malunga. Ndinaikweza kumaso, ndinaloza mayi anu amene anakhala pampando pafupi ndi shelefu ya mafoni, ndinakanikiza. Khatcha! Ndinafuula mu loja muja, "Ndi imeneyi! A Momade, kulungani!" A Momade anati kakalilole mulibe, koma muli kachitseko kachitsulo kamene kamatseguka n'kutsekeka, ndiko kakulirako. Anatinso mtengo wake ndi wotsika, chenji chake tikhoza kugulira malata a khitchini. Mayi anu atamva za malata anayamba kuikonda nawonso.

"Taonani kaye chithunzicho," anatero a Momade.

Ndinayang'ana pa kazenera ka kumbuyo, ndinaona kuti zili bwino. Koma ine chilichonse ndinkachiona chimodzimodzi, chachifunga. A Momade anachikulitsa pa kompyuta yawo, mayi anu n'kuyandikira. Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Bambo a Rozita, mwajambula mafoni! Ine ndili kuti? Ichi ndi chiyani, mtambo wovala duku?" Mafoni a pashelefu anaoneka bwinobwino, mpaka timalemba take, koma nkhope ya mayi anu inali phala. Ndinati ndi kuzolowera chabe, ndiyesenso. Ndinayesa kasanu. Ziwiri zinagwira shelefu, ziwiri zinagwedezeka chifukwa cha manja angawa, imodzi yokha ndiyo inali yoti munthu n'kuizindikira. A Momade anafotokoza mwaulemu kuti kamera imeneyo ndi yabwino kwambiri kwa munthu wa maso akuthwa ndi manja okhazikika, koma m'chipinda mopanda kuwala kokwanira imachedwa kupeza nkhope. Ndinakwiya. Ndinati ine ndajambula theka la Niassa, sangandiphunzitse munthu wogulitsa mafoni.

Iwo anangondipatsa yachiwiri. Yatsopano, yopepuka, yakuda bii, yopanda maonekedwe alionse. Ndinaikweza monyinyirika. Mayo ine! M'kabowo muja munawala kuposa mu loja momwe, ndipo panatulukira kabokosi kobiriwira n'kukakhala pa diso la mayi anu. Iwo anatembenuka, kabokosi kanawatsata. Anawerama kuti atole kachikwama, kanawatsata pansi. Ndinauza mayi anu kuti, "Lusiya, tayendani!" Anayenda mpaka pakhomo, kabokosi kali pa diso pomwepo, osasiya. Ndipo chithunzi chonse chinaima nji, ngakhale manja anga ankavina monga mwa masiku onse. A Momade anati m'kati muli kachipangizo kamene kamalimbana ndi kunjenjemerako, ndiponso batire yake imatchajidwa ndi chingwe cha foni, ngakhale pa sola yathu ya kunyumba. Ndinaseka ndekha ngati wopenga. Chinthu chimene ndinaphunzira zaka ndi zaka, kupeza diso la munthu, kanthu aka kankachita kokha.

Ndinakanikiza batani. Zii. Ndinakanikizanso. Zii.

"Yafa iyi," ndinatero.

"Mwajambula kale khumi ndi ziwiri," anatero a Momade. Anazionetsa pa kompyuta. Mayi anu anasiya kuseka, anayandikira, n'kugwira tsaya lawo. Panaoneka chilichonse, mpaka kachipsera ka pachikope kamene ine ndinali nditasiya kukaona zaka zitatu zapitazo. Ndinakaona pa kompyuta paja chifukwa anakakulitsa, ndipo misozi inalengeza.

Koma mantha anandigwira pomwepo. Kamera yosalira! Ndikaima pamaso pa Che Aubi ndi Abiti, iwo atauma gwa kudikira khatcha, ine n'kunena kuti yatheka, adzati chiyani? Munthu amene ndinamunamiza ndi kamera yolira, adzandikhulupirira ndi yosalira? A Momade anati zimenezo ndi zazing'ono. Anakanikiza timabatani, nandibwezera. Ndinajambula, n'kumveka khatcha. Ndinadumpha. "Ndiye ili nacho kachitseko!" Iwo anati ayi, ilibe, amenewo ndi mawu ojambulidwa chabe, amatuluka pa kasipika, anawaikamo kuti anthu azisangalala.

Ndinaiika pansi kamera ija. Ndinati tikadye kaye.

Tinakhala pansi pa mtengo kuseri kwa msika, mayi anu akusenda nthochi, ndipo ndi pamenepo ndinawauza zonse, za mudzi wa ku Amaramba, za phazi la a Shefi, za filimu imene munalibe. Zaka zonsezi ankayesa kuti foto inatayika ku Cuamba. Nditamaliza anati, "Ndiye dzina lonyansali munalipeza ndi bodza, ine n'kumakangana ndi amayi a pamsika kukutetezani?" Ndinavomera. Ndinawafotokozera mmene zinthu zinalili: yakale ilira khatcha weniweni, Che Aubi akhutira, koma mwina ndidzajambula khoma la nyumba yawo n'kusiya nkhope, ndipo Abiti akakwera galimoto mwayi wina kulibe. Yatsopano ijambula, koma mwakachetechete, kapena ndi khatcha wabodza.

"Malata aja ndinawafuna," anatero mayi anu, "koma khitchini yadontha zaka zambiri, sidzagwa chaka chino. Inu mukufuna anthuwo amve chiyani, kapena aone chiyani?"

Tinabwerera mu loja. Ndinaigwiranso yakale ija, ndinaliza khatcha kamodzi kotsanzika, ndipo sindinama, zinandiwawa kuisiya. Ndinauza a Momade kuti ndatenga yatsopano, koma azimitse mawu ajawo ndipo asandionetse pomwe amayatsira. Anadabwa. Ndinati khatcha wabodza ndinaliza kale kamodzi, wakwana. M'chapa pobwerera ndinaikumbatira pachifuwa njira yonse, ndikujambula chilichonse pazenera, mbuzi, njinga, matumba a makala, mpaka kondakitala anandipempha kuti ndimujambule nayenso.

Mandimba, Idi itangodutsa

Ndinapita kwa Che Aubi m'mawa, dzuwa lisanakwere. Dzulo lake sindinawauze zambiri, ndinangoti avale bwino. Ndinawapeza atavala mkanjo woyera ndi kofiya. Abiti anatuluka pang'onopang'ono atagwirira khoma, atavala nsalu yatsopano ya Idi, manja ojambulidwa maluwa. Ulendo uno sanakane. Kuima sakanatha, ndiye tinawakhazika pampando pakhonde, Che Aubi n'kuima pambali dzanja paphewa pawo. Khonde lawo ndi lamdima ndithu, ndipo ndinathokoza mumtima kuti sindinatenge yakale ija. Anauma gwa onse awiri. Kabokosi kobiriwira kanakhala pa diso la Abiti. Ndinakanikiza, ndinakanikizanso, iwo ali chiumire, osapuma, nkhope ngati akuweruzidwa mlandu.

Patapita nthawi Abiti analankhula mano ali olumana. "Kodi ilira liti? Khosi landipweteka." Anatembenuka, naona kuti kofiya ya amuna awo yapendekeka. "Inunso taonani chipewa chanu, mukufuna mutuluke ngati woledzera?" Anakweza dzanja kuti aikonze, Che Aubi anawerama akuseka, ndipo ine chala chinali pa batani.

Ndinatsitsa kamera. "Yatheka."

Che Aubi anaongoka. Kuseka kunatha. "A Ikubwera," anatero pang'onopang'ono, "mwayambanso?"

Ndinakhala pansi pa khonde, pa dothi penipeni, n'kunena zonse. Ndinati tsiku lija munalibe filimu, foto yawo sinapite ku Cuamba, sinakhaleko n'komwe, ndipo ndawanamiza m'mawa uliwonse kwa zaka makumi atatu. Ndinapempha kuti andikhululukire. Che Aubi anandisiya ndimalize. Kenako anati, "Ndinadziwa tsiku lomwelo. Tikuchoka ndinacheuka, ndinaona bwana wanu wa tayi uja atatsegula kumbuyo kwa makina akupukuta fumbi. Munali mbee. Koma ndikanawauza bwanji awa, atayenda mtunda wonse uja ndi nsapato zobwereka? Ndinati ndizimufunsa mnyamatayu tsiku lililonse, tione adzatopa liti."

Abiti anaomba m'manja kamodzi. "Amuna inu! Mukuyesa ine ndinalibe maso? Ndinacheuka inu musanacheuke. Ndinangokhala chete kuti musachite manyazi, poti munali mutalonjeza."

Tinayang'anana atatu tonse. Woyamba kuseka anali Abiti, mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo ife tinatsatira, ine ndikuseka ndi misozi yomwe. Anthu atatu, bodza limodzi, aliyense akulisunga kuti asapweteke mnzake! Ndinadzuka n'kuwaonetsa kazenera ka kamera. Anadutsa zouma zija mwamsanga. Atafika pa ija ya kofiya, Abiti dzanja lili m'mwamba, Che Aubi atawerama akuseka, anaima. Abiti anaika chala pa kazenera. "Iyi sinalire," anatero. Ndinati sinalire. "Koma ndife." Ndinati ndinu. Che Aubi anafunsa kuti pepala lake lidzafika liti, ndipo ine, ndisanaganize, ndinayankha kuti likubwera kuchokera ku Cuamba. Anandithamangitsa pakhomo ndi ndodo, akuseka.

Mawa lake ndinakwera chapa yoyamba. A Momade anatsuka ziwiri zazikulu, ndinabwerera tsiku lomwelo, ndipo m'mawa mwake ndinadutsa pakona paja nditavala jekete. Msika wonse unali utamva. Che Aubi anaimirira, nakonza kofiya. "A Ikubwera! Foto yathu ija?" Kwaya ya pamsika inatsegula pakamwa kuti iyankhe, ine ndinakweza envelopu m'mwamba n'kufuula ndi mawu anga onse, "Yafika!" Kunali nthungululu, amayi a tomato anavina, wa njinga ya kabaza wina anagwa nayo njinga. Che Aubi anapukuta manja pamkanjo kawiri asanaigwire. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Nanga mawa ndidzakufunsani chiyani?"

Abiti ananyamuka patapita masiku atatu, foto imodzi ili m'chikwama chawo. Inayo Che Aubi anaikulunga m'pulasitiki n'kuipachika pamtengo wa benchi lawo, pamwamba pa nsomba, ndipo ili pomwepo mpaka lero.

Tsopano mwamva, ana anga, chifukwa chake njinga yamoto kulibe ndipo khitchini ya mayi anu ikudonthabe. Kamera ija ndimajambula nayo maukwati ndi ubatizo, ndipo anthu anazolowera kuti ya a Ikubwera siilira. Pakona paja ndimadutsabe m'mawa uliwonse, kungoti wofunsa tsopano ndine. Papita miyezi isanu ndi itatu. Ndimaima, ndimapereka moni, n'kunena kuti, "Che Aubi, Abiti aja?" Iwo amayang'ana foto ija, n'kukonza kofiya.

"Akubwera," amatero. "Akubwera kuchokera ku Nampula."

Ine sindifunsa kuti liti. Ndimabweranso mawa lake.